Waya wa pagombe lathu

Alamu anga, amuna a achemwali, anabwera kuchokera ku Mozambiki pothawa nkhondo. Kwawo anasiya khola lodzaza ng'ombe. Kuno anayambiranso ndi timbuzi ndi thandala loyanikapo usipa pagombe la makolo athu, kufupi ndi Makokola.

Bwana wina wa m'tauni anagula gombe lonselo kuti amangepo nyumba yopumulirako. Amene anamugulitsa sanadziulule mpaka lero. Anyamata ake anazula mathandala, n'kukhoma waya waminga mpaka kulowa m'madzi. Alamu atafunsa kumene mbuzi zizikamwera, kapitawo wa bwanayo anawauza pamaso pa anthu kuti wothawa nkhondo alibe pakamwa pa nkhani ya malo, akafunse kwawo.

Lachisanu lina titatuluka mu mzikiti, ndinawatengera ku vidiyo ku Mangochi kuti aiwaleko. Anaika kanema wakale wa makauboyi, wopangidwa mwaumphawi: phiri lomwelomwelo, akavalo omwewo, ndipo munthu amene anafa kumayambiriro tinamuonanso akuthamanga pakati pa adani. Chingerezi sitinkachimva, koma nkhani inali yathu. Mwinimalo wa chipewa chachikulu anatchinga mtsinje ndi waya, ng'ombe za anthu zikufa ndi ludzu. Kenako oweta ng'ombezo anagwirizana, anadula waya, mfuti zinalira, mwinimalo n'kugwera m'fumbi.

Nyumba ya vidiyo yonse inaphulika ndi mluzu. Pamenepo ndinamuona kapitawo uja pabenchi yakutsogolo, akuwomba m'manja kuposa aliyense, makoko a mtedza ali pamiyendo. Ankasangalala kuti waya wadulidwa, iye amene anakhoma wathu ndi manja ake.

Ndinaimirira kuti ndikamugwire pakhosi, koma alamu anandikoka malaya.

"Khalani pansi, alamu. Inu mfuti mwaziona pagalasipo. Ine ndinaika anthu m'manda."

Ndinakhala. Koma panjira yobwerera ndinawakwiyira iwonso, chifukwa ankanena zoona ndipo zoonazo sizinatithandize kanthu. Tinakadandaula kumene anthu amadandaula, anatiuza kuti tibwerenso, tinabweranso mpaka tinatopa. Mbuzi zija alamu anazigulitsa.

Nkhondo itatha, alamu anabwerera kwawo, achemwali ndi ana n'kupita nawo. Amayi anamwalira osawaonanso adzukulu awo. Nyumba ya bwanayo ilipobe, ndipo miyezi yambiri pachaka imakhala yotseka, mulibe munthu.