Duwa la M'dambo la Amayi a Kunyumba

Ukalamba wanga uno ndinalowa sukulu ina, ya pa telefoni. Apulofesolo a ku Ntengo-Wambalame anatsegula gulu loti aliyense akaona chomera chakutchire azijambula foto n'kutumiza, ena n'kutchula dzina. Ine amene ndinathawa sukulu ndisanadziwe kulemba dzina langa mowongoka, ndinasanduka wofufuza! Ng'ombe zinkadya chimanga cha eni ine nditagwada pa chisoso.

Mvula ili pakati, ndikudyetsa ng'ombe kumtunda kwa dambo, ndinaona duwa lofiirira litaima njo ngati kandulo ya kutchalitchi, masamba awiri atagona pansi. Mtima phaphapha! Ndinajambula n'kutumiza.

Nditafika kunyumba, telefoni inalira ngati anapiye. Wa ku Chidzolomondo akuti ndi anyezi wa afisi. Wina akuti kwawo amatsukira mabala a mbuzi. Ine ndikungovina ndekha pakhonde. Kenaka mayi wina wa ku Furancungo analankhula: "Abambo inu, chimenecho ndi chinaka! Ife timachidziwa chitauma, nthawi yozizira pokumba. Pansi pali timbatata tiwiri, kamodzi kofota. Mwachiona pati?"

Chinaka! Ndiwo imene ndadya moyo wanga wonse, ya nsinjiro ndi chidulo, osadziwa kuti imavala duwa.

Amayi a kunyumba anamva ali pamtondo. Anabwera musi uli m'manja.

"Nkhalamba inu, mwajambula kuti?"

"Kumtunda kwa dambo, pamwala wong'ambika paja."

"Ayi ndithu! Malo amenewo anandionetsa ndi malemu amayi anga. Ngakhale mlamu wanu sawadziwa. Mukangotchula, amayi a mudzi wonse akagwerako ndi makasu, chaka chamawa mudzadya foto yanuyo."

Koma gulu likudikira, ndipo lamulo lake n'lakuti wotumiza anene malo. Apulofesolo nawo akufunsa. Kukhala chete n'kutaya ulemu wanga watsopano, kunena n'kutaya ndiwo, mwinanso mkazi.

Ndinakhosomola, n'kudina telefoni. "Abale, duwali lili m'nkhalango ya kumanda, pafupi ndi mitumbira yakale. Wofuna akakumbe."

Kwathu kumanda salowako ndi khasu popanda maliro. Mayi wa ku Furancungo anangoti, "Chimenecho chisiyeni, n'cha eni ake."

Apulofesolo analemba kuti chinaka chimakonda mthunzi wa kumanda. Mundikhululukire, aphunzitsi, konzani pamenepo: chimakonda dambo. Koma dambo lake liti, kafunseni mwini musi.