Masilipasi a alendo

Pa yunivesite yathu kuno ku Kyushu nsapato timavulira pakhomo, aliyense n'kuvala masilipasi ake. Koma bambo ena achikulire a ku Sri Lanka, ophunzitsa Chingerezi, amavala obiriwira a alendo, zaka 22 tsopano. Kontrakiti yawo ndi ya chaka chimodzichimodzi, ndipo kumisonkhano saitanidwa.

Ine chibwerereni kuchokera ku Canada sindinakhazikike, ndiye amandiseka: "Iwe Natsuki, kwanu n'konkuno, koma kuwerama popereka moni ndikuphunzitse ine?"

Mwezi wa Malichi ndinawagulira masilipasi awoawo, olembedwa dzina lawo. Anawasisita kwa nthawi yaitali.

"Wachedwa, mwanawe. Kalata yabwera dzulo. Sandiwonjezeranso chaka."

Poweruka anabweza obiriwira aja m'dengu la masilipasi a alendo, n'kuwayala bwinobwino, kuti mlendo wotsatira asavutike.