Tambala Amene Amalume Anabweretsa pa Chinkhoswe Changa

Timu yathu inachotsa kaputeni wake sabata ya chinkhoswe changa. Sindikunena kuti akuluakulu a timuyo anachita dala, poti sankandidziwa, koma munthu wachifundo akanayamba wafunsa ngati mu Lilongwe muno mulibe wina amene akufuna kukwatira.

Nthawi imeneyo ndinkawotcherera zitsulo ku Biwi, ndikuchita lendi ku Kawale, m'kachipinda koti ukafuna kutembenuka umayamba watuluka panja. Wachikondi wanga ankakhala ku Area 23 kwa amalume ake, ogulitsa nkhuku pamsika. Iwowo ndiwo anali eni mbumba, ndiwonso nkhoswe. Kumbali yanga nkhoswe anali amalume anga a ku Chinsapo, alongo awo a mayi, amene anachoka ku Mulanje kalekale kudzayendetsa galimoto pakampani ina. Popanda anthu awiriwa panalibe ukwati. Kutchalitchi sakanatilengeza, ndipo kumudzi akanati tangotolana pamsewu.

Kufunsira mbeta ena kumawatengera miyezi. Ife tsiku loyamba lomwelo amalume anga atangokhala pansi anaona chithunzi cha timu pakhoma, eni nyumba nawo anaona kuti alendo achiona. Zinapezeka kuti zaka zonsezi ankakhala mbali imodzi kubwalo, n'kumatukwana oyimbira mpira omwewo. Za ukwati anamaliza madzi a tiyi asanawire. Za ligi anamaliza dzuwa litapendeka. Potsanzikana ankatchulana kale kuti asewere. Ine ndinabwerera ku Kawale ndikudziyesa wamwayi, osadziwa kuti banja langa alimanga pamwamba pa chinthu chogubuduka.

Kaputeniyo ankasewera kumbuyo, ndipo anayamba kuvala jezi ya timu ine ndili kupulaimale. Mutu wake unali wa mtundu wina. Ndinaona ndi maso angawa atamenya hedi, mpira n'kutuluka m'bwalo kukagwera ku Mtsiliza. Anthu akumeneko anaubweza mawa lake uli wophwa. Wokayika akafunse, ena mwa iwo alipo. Koma zaka zomaliza mawondo anayamba kumukana. Ankatembenuka ngati lole ya fodya pamphambano. Pamasewero ena kamnyamata kanamudutsa, kanachinya, kanavina pakona, kanabwerera pakati, kaputeni akadali mkati motembenuka.

Nkhani inatuluka pawailesi Lolemba, kuti akuluakulu amuthokoza chifukwa cha ntchito yake. Ku Biwi masipanala anagona pansi. Mzinda unagawika pawiri. Makondakitala ankayamba afunsa maganizo ako usanakwere minibasi. Ku Kawale wometa wina anasiya kasitomala mutu uli theka atamva akunena kuti mdalayo anatha kale. Munthuyo ndinakumana naye kudepoti, atavala chipewa chaubweya mwezi wotentha.

Ine sindinalowe m'mikangano imeneyi. Nkhawa yanga inali pa ankhoswe anga, chifukwa ndinkawadziwa. Amalume anga nawo kampani inali itawathokoza. Inawapatsa wotchi yapakhoma n'kulemba mnyamata m'malo mwawo. Wotchiyo anaipachika pabalaza, koma batire anakana kuikamo. Pomwe amalume a mkazi, moyo wawo wonse unayenda pa lamulo limodzi: nkhuku ikasiya kuikira, usaiyang'ane kumaso.

Pakati pa sabata anakumana ku Area 23 kuti amalize za mipando ndi zakumwa. Ine ndi wachikondi wanga tinali pakhonde, pansi pa windo. Zinayamba bwino. Anagwirizana za tenti, anagwirizana za wokuza nyimbo. Ndinayamba kupuma. Kenako ndinamva eni nyumba akuika kapu pansi.

"Za kaputeni mwamva, asewere? Akuluakulu a timu achita bwino, kungoti achedwa."

Wachikondi wanga anandigwira bondo.

Amalume anga anayamba mofatsa. Anakumbutsa za zikho zimene munthuyo anabweretsa, za tsiku limene anasewera mutu uli womanga ndi bandeji. Enawo anati bandejiyo ndi yakale, ligi ndi ya chaka chino. Amalume anati tianyamata ta masiku ano tikagundidwa pang'ono timagubuduka mpaka kubenchi. Enawo anati n'chimodzimodzi, bola timafika kubenchiko msanga. Mawu anakwera. Agalu a aneba anasiya kuuwa kuti amve bwino.

"Munthu wotaya kaputeni chifukwa cha bondo," anatero amalume anga, "mwana wa mlongo wangayu akadzathyoka mwendo mudzamutani?"

"Timu si malo osungirako okalamba, achimwene."

Achimwene. Usewere unali utatha. Amalume anatuluka atasiya tiyi pakati, anatidutsa pakhondepo ngati mitengo, n'kulunjika kusiteji.

Masiku otsatirawo ndinaonda moti lamba ankazungulira kawiri. Kuntchito ndinawotcherera geti pamodzi ndi mafelemu ake, mwini wake mpaka lero amalowa m'nyumba mwake podumpha mpanda. Choopsa chinali chakuti zinthu zinali zitanyamuka kale. Abale a mkazi ochokera ku Dedza anali m'njira. Mayi anga anali atakwera basi ku Mulanje. Amayi a ku Area 23 anali atasoketsa zitenje zofanana, chimera chili chosinja, ndipo thobwa silidikira kuti amuna amalize za mpira. Wachikondi wanga sanalire. Anangondiuza kuti ndikalankhule ndi amalume anga, chifukwa iye manyazi oterewa sangawasenze, ndipo chinkhoswe chikalephereka Loweruka, amalume ake sadzayalanso mipando kachiwiri.

Ndinapita ku Chinsapo nditanyamula tambala amene ndinagulira mwambowo, woyera, wonenepa, wa lipombo lofiira ngati tomato. Ndinapeza amalume atakhala pansi pa wotchi yawo yosayenda, wailesi ili pakhutu, akumvera anthu oimba mafoni. Aliyense wogwirizana ndi akuluakulu a timu ankamuyankha okha, kumutchula mwana wopanda mwambo. Azakhali, akazi awo, anandinong'oneza kuti chakudya chikungobwerera.

Amalume anandifunsa kuti ineyo ndaima pati. Ndinati ine ndine wowotcherera, chitsulo chakale chimalumikizika, chatsopanonso chimalumikizika. Anati limenelo si yankho, ndi ntchito. Nditafunsa ngati abwera Loweruka, anakweza wailesi.

"Tambalayo musiye kukhitchini. Tiona."

Mawu oti tiona ndinayenda nawo kuchokera ku Chinsapo mpaka ku Area 23, ndipo ankalemera kuposa tambala. Kumeneko nawo apongozi anga a mawa anafuna kudziwa mbali yanga. Ndinati ine kubwalo ndimapitira chimanga chootcha. Anandiyang'ana monga amayang'anira nkhuku ya chitopa, n'kunena kuti iwo mipando adzayala. Nkhoswe yanga ikapanda kuoneka, thobwa adzamwa ndi aneba, ine n'kudzapita kukafunsira kwa anthu osaonera mpira.

Loweruka linafika. Tenti anaimika, nyimbo zinalira, anthu anadzaza mpaka kumpanda. Mpando wa nkhoswe ya kuchimuna unali wopanda munthu. Mayi anga ankayang'ana mpandowo, kenako ine, kenako kumwamba. Woyendetsa mwambo anavinitsa azimayi, anavinitsa ana, anavinitsa azibambo a mpingo amene sanavinepo chibatizidwire. Amalume a mkazi anakhala duu, manja ali pamimba. Ine thukuta linatsika m'suti yobwereka n'kupanga kachithaphwi pansi pa mpando, abakha a aneba anabwera kudzasamba. Anthu anaona.

Dzuwa litafika pamutu, njinga ya kabaza inaima pageti. Amalume anatsika. Anavala jekete, koma mkati mwake munali jezi yakale ya timu, ya nambala ya kaputeni. M'khwapa anapanira tambala. Mtima wanga unakwera ndi chimwemwe, n'kutsikanso nditamuonetsetsa. Sanali tambala wanga.

Anali wawo wa pakhomo, amene ndinamupeza ali wamkulu kale pobwera m'tauni. Ndikulumbira, tambala ameneyo anayamba kulira dziko lino lili ndi chipani chimodzi. Khosi linali lopanda nthenga. Lipombo linagwera mbali imodzi n'kutseka diso. Miyendo inali ndi mamba ngati ng'ona, ndipo kumchira kunatsala nthenga imodzi yokumbutsa kumene kunali zinzake.

Pa chinkhoswe ankhoswe amasinthana nkhuku pamaso pa anthu, akuchimuna tambala, akuchikazi msoti. Zikasinthana manja ndiye kuti mabanja agwirizana. Ndipo aliyense amadziwa kuti tambalayo amaimira mkamwini. Azimayi a ku Dedza anayang'ana tambala, anayang'ana ine, wina n'kufunsa mnzake ngati ndinayezetsa kuchipatala. Mayi anga anafunda chitenje kumaso.

Mwambo unayenda. Anabweretsa atsikana ofunditsidwa zitenje kuti ndisankhe wanga, ndipo sindinavutike, chifukwa m'modzi yekha ndiye ankagogoda phazi pansi ndi mkwiyo. Kenako woyendetsa mwambo anaitana ankhoswe pakati. Nyimbo anazimitsa.

Amalume a mkazi anaimirira ndi msoti wawo wosalala. Amalume anga anatambasula manja. Enawo sanatambasule. Anazungulira tambalayo, anamutsina pachidali ndi zala ziwiri, anasuzumira pansi pa lipombo. Akanangobwerera kumpando wawo, zonse zikanathera pomwepo.

"Ameneyu pamsika sindingamulandire ngakhale mwaulere."

"Sindikugulitsa. Ndikukupatsani kuti musunge."

"Amathamanga?"

"Amadziwa poima."

Pamenepo m'pamene ndinaona kuti miyendo ya tambalayo sinali yomanga. Pambuyo pake amalume anati kaputeni samangidwa. Tambala anapalasa, anapulumuka m'manja, n'kutera pansi. Anyamata a kuchikazi anamuthamangira. Woyamba anamuchenya kumanzere, mnyamatayo n'kukakumbatira mzati wa tenti. Wachiwiri anamudutsa pakati pa miyendo. Wachitatu anadumpha ngati goloboyi n'kukagwira chidebe cha thobwa. Amalume anga ankagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati ali kubwalo.

Koma ine ndinkayang'ana kumpanda. Pansi pa mpanda waudzuwo panali pobooka, kuseri kwake chimanga cha aneba, kupitirira apo njira ya ku Tsabango. Tambala akanatulukira pamenepo, pakanakhala popanda chosinthana, ndipo anthu akanati mkamwini wathawa yekha mwambo uli mkati. Analunjika pomwepo. Anafika pamlomo pa bowolo.

Ndiye anaima. Mlomo unali yasa, mapiko ali pansi, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Anayang'ana bowolo ndi diso lake limodzi, n'kukhala pansi.

Palibe anasuntha, kupatula wachikondi wanga. Mkwatibwi amayenera kukhala chowerama, wamanyazi, koma iye ananyamuka, anadutsa pakati pa anyamata ogwa aja, anatola tambalayo ngati akutola mtolo wa masamba, n'kukamukankhira pachifuwa cha amalume ake.

"Gwirani, amalume. Thobwa likusasa."

Munthu amene wagwira nkhuku moyo wake wonse sangalole nkhuku kugwa. Manja anatseguka okha. Koma kuti agwire tambala anayenera kutula msoti, ndipo amene anali pafupi ndi amalume anga. Asanazindikire, aliyense anali atanyamula nkhuku ya mnzake. Azimayi sanadikire kuti wina afotokoze. Nthungululu zinalira, wokuza nyimbo anatsegula zonse, mayi anga anavundukula nkhope n'kulowa m'bwalo.

Ndinali pafupi, choncho ndinamva zimene ankhoswe ananong'onezana mkati mwa phokosolo. Amalume a mkazi anati mwaona, mpweya wake wathera pampanda. Amalume anga anati, "Onani anyamata anu ali pansiwo, asewere." Nditamva mawu omalizawo ndinakhala pansi, pachithaphwi chija.

Tambalayo sanaphedwe. Apongozi anati mano awo akuwafunabe. Anakhala ku Area 23 zaka zina, akulira masana okhaokha, chifukwa m'mawa ankakhala atatopa. Kaputeni uja anakasewera kutimu ina yaing'ono, kenako anayamba kuphunzitsa ana. Timu yathu chaka chimenecho inathera pakati pa ligi, malo amene sanathandize mbali iliyonse ya mkanganowo.

Ankhoswe athu sanagwirizane mpaka kalekale. M'zaka zoyamba za banja, ine ndi mkazi wanga tikayambana, tinkawaitana monga mwa mwambo. Ankafika, ankakhala pansi, ankafunsa kuti chavuta n'chiyani. Mkazi wanga asanamalize kudandaula, m'modzi ankati vuto la masiku ano ndi kusalemekeza zakale, winayo n'kuyankha kuti zakale zina n'zosathamanga. Zikatero ife tinkatuluka mwakachetechete. Iye ankaika madzi pambaula, ine ndinkakagula buledi paokala, ndipo podzabwera ndi tiyi tinkapeza kuti taiwala amene anayamba. Ankhoswe ankachoka ali okhutira kuti aweruza bwino, aliyense akukwera minibasi yake.