Kamwa la Malemu Bambo

Kabotolo ka mankhwala a chifuwa, ka chitsekerero chofiira, kankakhala pamwamba pa kabati ya amayi. M'katimo munali mano anga awiri, athunthu, oyera, opanda ngakhale kabowo. Ukakagwedeza ankalira ngati timiyala.

Mano anga apamwamba anamera motulukira kunja, moti milomo sinkakumana pokhapokha nditaikakamiza. Kusukulu ku Senga Bay anzanga ankanditcha Mcheni, nsomba ija ya mano pamtunda. Tsiku lina aphunzitsi, pofuna kuseketsa kalasi, anandiuza kuti nditseke pakamwa ntchentche zingalowe. Ana anaseka mpaka ena kugwa pa mabenchi. Aphunzitsi amenewo sindinawakhululukire mpaka lero, ndipo sindikuona chifukwa chowakhululukira.

Kunyanja zinali zina. Bambo anga anali msodzi, anamwalira ndili ndi zaka zitatu, ndipo mano amenewa ndinatengera iwowo. Mabwato akamakocheza m'mawa, amayi ankandituma ndi kambale. Asodzi akale akangondiona ankati, "Mwana wa mnzathu uyo, taonani kamwalo!" n'kundithirira usipa wodzaza manja awiri, osafunsa n'komwe dzina. Ndi mmene amachitira kwathu ndi ana a mnzawo amene anatsogola. Ine zinkandinyansa. Ndinkaona ngati nawonso akundiseka.

Amalume, amene ankagwira ntchito ku Lilongwe, anabwera nthawi ya mphepo ya mwera ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Ndinawalirira. Anati kutauni kuli adokotala amene amamanga mano ndi timawaya n'kuwabwezera m'kati. Amayi anangoti, "Achimwene, mwanayu mano ake sakumupweteka." Amalume anayankha kuti mwana wamkazi amafunika nkhope. Ine ndinanyanyala chakudya masiku awiri mpaka amayi anagonja.

Adokotala anati m'kamwa mulibe malo, mano awiri achoke kaye. Ndikukumbukira fungo la mankhwala, tsaya lochita dzanzi, ndi kaphokoso kena m'kati mwa mutu pamene dzino linkasiyana ndi nsagwada. Amayi anatambasula dzanja n'kupempha manowo. Anamwino anaseka, koma anawapatsa. Mu minibasi yobwerera ku Salima ndinaluma thonje lamagazi njira yonse, mtima uli wokondwa ngati ndatola chikwama.

Mawaya anakhala zaka ziwiri. Mano anabwerera, milomo inakumana, koma sizinathere pomwepo. Mlomo wapamwamba unalowa m'kati, masaya anaphwa, mphuno inayamba kuoneka yaitali. Palibe anatiuza kuti ukasuntha mano umasunthanso nkhope. Kapena anatiuza m'Chingerezi, amalume n'kumangogwedeza mutu. Anthu ankati ndakongola. Mwina n'zoona.

Chithunzi cha bambo tili nacho chimodzi chokha, cha pachiphaso, atatseka pakamwa mwamphamvu monga ndinkachitira ine kusukulu. Lero ndikafuna kudziwa mmene ankasekera, ndilibe poyang'ana. Ndinali napo, koma ndinachita kulira kuti andichotsere. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, ndipo palibe amene ndingamuloze chala.

Mwera wa chaka chimene anandichotsa mawaya, kunabwera bambo wina amene ankapalasa bwato limodzi ndi bambo anga. Anali atakhalitsa ku Nkhotakota, ndipo kale ndi amene ankandithirira usipa wambiri kuposa onse. Ndinaima patsogolo pake ndi kambale kanga. Anandiyang'ana, kenaka n'kusuzumira kumbuyo kwanga ngati akufuna munthu wina.

"Iwe ndiwe mwana wa yani?"

Ndinathamanga mpaka kunyumba ndikudumphadumpha, kambale kali kopanda kanthu. Amayi ndinawapeza pathandala, akutembenuza usipa kuti uume.

"Amayi, sanandizindikire! Anzawo a bambo aja sanandizindikire n'komwe!"

Anandiyang'ana pakamwa nthawi yaitali. Kenaka anati, "Taseka." Ndinaseka, mano onse poyera, olingana bwinobwino. Iwo anaweramiranso pathandala n'kuyamba kutembenuza nsomba zimene anali atatembenuza kale. Ine ndinkaganiza kuti akwiya chifukwa ndabwera wopanda ndiwo.