Popumira pa Chinkhoswe cha Mwana Wanga

Chibayo chitandigoneka m'chipatala ku Upper Hill, jakisoni sindinkamuopa. Chinkandisowetsa mtendere ndi chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi, chomwe chinali chitayandikira. Pa zochitika za Amalawi kuno ku Nairobi woyambitsa nyimbo ndine, ndipo ndinkanyadira kukoka mzere wonse ndi mpweya umodzi. Tsopano ngakhale "mwadzuka bwanji" ndinkamudula pakati. Ndiye ana a eni ndawaimbira onsewa, pa wanga ndikangokhala duu? Zinkandiwawa zedi.

Pabedi loyandikana ndi langa panagona amayi ena achimwenye a ku Spring Valley, achikulire ndithu. M'mawa uliwonse ankalakatula ndakatulo za m'Chisansikiriti, chinenero chakale cha kwawo. Poyamba ankangondisokosa, ndisaname. Kenako ndinaona kuti amaima malo omwewomwewo tsiku lililonse.

"Nanunso mpweya ukukutherani, amayi?" ndinawafunsa m'Chingerezi.

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ayi. Poimapo pamatchedwa yati. Dzinalo linachokera ku mawu otanthauza kugwira, ngati mmene munthu amakokera chingwe kuti hatchi isathamange. Olemba ndakatulo anaikiratu popumira mkati mwa mzere. Wopitirira osaima ndiye walakwitsa."

Ndinangoti "chabwino", koma mumtima ndinati zimenezo n'za kwanu, kwathu woimba wodukizadukiza timamuseka. Komabe nditatuluka m'chipatala ndinalibe kuchitira mwina. Ndinayamba kuyeserera kukhitchini, kufunafuna malo amene nyimbo yathu ingadulidwe osawonongeka. Anapezeka, ndipo anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira.

Chinkhoswe chinachitikira pabwalo la nyumba ya ankhoswe ku Syokimau. Mwana wanga anakhala pamkeka atazolika, monga mwambo umafunira kuti mkwatibwi asadzutse mutu kapena kulankhula. Ndinaimirira. Ndinayambitsa nyimbo, n'kufika pakati pa mzere, n'kuima.

Ndinkadikira kuti wina aseke. Palibe anaseka. M'malo mwake ndinamva kamawu kotsika kakuchokera pamkeka, kakumalizitsa mzerewo. Anali mwana wanga, mutu uli chozolika, akuphwanya mwambo kuti athandize mayi ake. Azimayi anapolokezana naye, nyimbo n'kuyenda, ine ndikupuma bwinobwino. Mtima unakhala pansi.

Zaka zonsezi ndinkadzaza mzere ndekha, osamusiyira mpata. Sindinkadziwa n'komwe kuti mwanayu amaimba bwino chonchi.