Ndinatsekera Apongozi Anga M'tenti ndi Makala

Ine ndinapha apongozi anga aamuna. Sindinawamenye, sindinawadyetse kanthu, ndipo tinali tisanakanganepo chikwatirire mwana wawo. Ndinawapha powasamalira, ndi manja angawa, pa Chambe m'phiri la Mulanje, masiku a Chitaganya. Inu owerenga, ndikunena izi poyera chifukwa nditalakwa koyamba ndinabisa, ndipo kubisako kunandilakwitsa kachiwiri.

Ndinali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Milonde. Khasu ndinkalidziwa koma sindinkalikonda, choncho nditamva kuti ku Likhubula akufuna anthu onyamula katundu wa okwera phiri, ndinathamangirako. Patapita zaka ziwiri ndinali kapitawo, chifukwa ndinkadziwa kuwerenga ndiponso mawu anga ankamveka patali. Ndisakubisireni, ukapitawowo unandilowa m'mutu. Ndinkavala chipewa ndi m'nyumba momwe, mpaka mkazi wanga Esinati ankandifunsa ngati ndinabadwa nacho.

Chaka china mu Juni, mzungu wa zankhalango anafuna kukakhala ku Chambe masabata atatu akuwerenga mitengo ya mkungudza. Anandiuza kuti ndipeze amuna khumi. Apongozi anga anapempha kuti ndiwalembe nawo. Anali munthu wamkulu, wofatsa, woti paunyamata wawo anachekapo matabwa m'phirimo, ndipo njira zake ankazidziwa kuposa ine kapitawone. Ndinawalemba. Anatenga ndi galu wawo Alekeni, amene ankawalondola ngakhale kutchalitchi.

Kumtundako munthu ankasankha pogona malinga ndi chimene iye ali. Nyumba yamatabwa inali ya azungu, ife tinkathera pakhonde. Phanga linalipo chakumunsi, louma bwino, koma pakhomo pake pankapezeka mapazi a kambuku, ndiye anthu ankalizemba. Ambiri ankakonda msasa: kuzika mitengo, kufolera udzu, kukoleza moto pakati, onse n'kugona mozungulira. Koma ulendo umenewu mzungu uja anandipatsa tenti yakale ya asilikali, ya lona wokhuthala wopakidwa phula kuti madzi asalowe. Inali yaing'ono, yokwana anthu awiri.

Ndinakondwa ngati andipatsa nyumba yamalata. Ndinakhoma zikhomo anzanga akuonerera, ndinakunga zingwe, ndinakumba kangalande mozungulira monga anandisonyezera mzunguyo. Kenaka ndinapita kukaitana apongozi, amene anali atayala kale mkeka wawo mumsasa.

"Bambo, inu simungagone pamodzi ndi anyamata. Malo anu ndi m'tenti."

"Iyayi apongozi, ndisiyeni muno," anatero. "Msasa umapuma. Nyumba yanu yansaluyo ndangoiona ndayamba kale kubanika."

Ndinaseka, ndipo ndinaumirira. Ndinkafuna kuti tikatsika akanene kumudzi kuti mkamwini wawo anawagoneka m'nyumba yachizungu. Anavomera chifukwa chosafuna kundichititsa manyazi pamaso pa anthu anga, basi.

Sabata yoyamba zonse zinayenda bwino. Yachiwiri kunagwa chiperoni. Amene simunakwerepo Mulanje mu Juni simungamvetse: nkhungu yoti sutha kuona mnzako ali pafupi, mvula yamawawa tsiku lonse, ndi mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Tsiku lachitatu la chisanucho apongozi anadzuka ndi malungo. Ankanjenjemera, mano akuombana, ndipo anayamba kulankhula Chilomwe chokhachokha monga ankachitira akamapemphera. Mzungu anawapatsa kwinini n'kunena kuti agone, koma enafe ntchito inali yosaima. Tinkayenera kupita kutsidya kwa dambo n'kubwerako dzuwa litapendeka. Ngakhale khukhi wa mzunguyo, a Bwanali, anali atatsikira ku Likhubula m'mawa umenewo kukatenga chakudya. Panalibe wotsala ndi wodwala.

Inu owerenga, tamvani zimene ndinachita, ndipo muone ngati inu simukanachita zomwezo.

Ndinatenga chitini cha palafini n'kuchiboola m'mbali. Ndinapita pamoto wa mumsasa n'kusankha makala ofiira okhaokha, opanda utsi, kuti wodwala asatsokomole. Ndinadzaza chitinicho n'kuchiika m'tenti pafupi ndi mkeka wawo. Nditaona kuti mphepo ikulowera pansi pa lona, ndinatenga fosholo n'kukwirira dothi m'mphepete monse, osasiya ndi kampata komwe. Kwathu munthu wodwala amagona pafupi ndi moto, chitseko chili chotseka, ndipo palibe amene anafapo nazo. Sindinaganize kuti denga laudzu limatulutsa mpweya pomwe lona wopaka phula satulutsa.

Kunatsala chitseko. M'mawa womwewo tinali titaona mapazi a kambuku kumtsinje, atsopano. Ndinaopa kuti chilombocho chidzanunkhiza galu, chidzalowa, n'kupeza munthu wosatha kudziteteza. Chitseko cha tentiyo chinali chotunga ndi chingwe ngati nsapato. Ndinalowetsa Alekeni m'kati, ndinatuluka, n'kutunga chingwecho kuchokera kumwamba mpaka pansi, ndili panja. Pomaliza ndinamanga mfundo zitatu.

"Mwatsekatu kwambiri, apongozi," anatero ali m'katimo.

"Kuti mumve kufunda, bambo. Ndibwera msanga."

"Chabwino. Mulungu akusungeni."

Tsiku lonse ndinagwira ntchito mtima uli m'malo. Ndinafika pouza anzanga kuti pa onse okhala m'phirimo, mzungu yemwe, palibe amene akumva kufunda ngati apongozi anga.

Tinabwerako cha m'ma 3 koloko. Ine ndinatsogola, anzanga anakhotera kumsasa kukakoleza moto. Chimene chinandidabwitsa poyamba n'chakuti galu sanauwe. Ndinaitana, zii. Nditafika pafupi ndinaona kanthu kakutuluka pakati pa zingwe za chitseko, chapansi penipeni. Ndinawerama. Zinali zala ziwiri za apongozi anga.

Ndinayesa kumasula mfundo zija, zinakana. Ndinadula chingwe ndi mpeni. Nditangolowetsa mutu, mpweya wotentha unandigwira pakhosi, mutu unayamba kuzungulira, ndinagwada. Apongozi sanali pamkeka. Anali atakwawa mpaka pachitseko, nkhope ili pansi, dzanja lili pachingwe chimene ndinamanga ine. Alekeni anali pambali pawo, naye atauma. M'chitini munali phulusa lokha.

Ndinawakokera panja, ndinawagwedeza, ndinawaitana mayina onse. Thupi linali lofundabe chifukwa cha kutentha kwa m'tentimo, ndiye ndinkadzinamiza kuti ali moyo. Amene anandipeza ndikuchita zimenezi anali a Bwanali, akufika kumene kuchokera kumunsi. Iwowa anali atapitako kunkhondo. Anayang'ana mtembo, anayang'ana galu, anayang'ana dothi lija m'mphepete mwa tenti, kenaka anatulutsa chitini n'kuchiika patsogolo panga.

"Kapitawo, malungo sapha galu," anatero motsitsa mawu. "Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha. Pamalo otseka umapha. Ndinaona asilikali anayi atafa chonchi m'tenti imodzi. Bwanji simunafunse?"

Ndikanafunsa yani, ine amene ndinkadziwa zonse? Safunsa anadya phula, koma ine phulalo ndinadyetsa munthu wina.

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri. Ndinagwira miyendo ya a Bwanali n'kuwapempha kuti asanene. Ndinaopa ndende, ndinaopa kuthamangitsidwa pamudzi ndi kamtolo kanga pamutu, koma koposa zonse ndinaopa maso a Esinati. A Bwanali anati nkhaniyo ndi yanga, iwo sadzandinenera, koma sadzandinamiranso. Anzanga asanafike ndinanyamula galu n'kukamuponya m'mng'alu wa thanthwe. Onse ndinawauza kuti malungo akula mphamvu, ndipo galu wathawa. Anakhulupirira, mzungu yemwe.

Mawa lake tinatsika ndi maliro mpaka ku Likhubula, kenaka kumudzi. Pofotokoza sindinaname zonse. Ndinanena za chisanu, za kwinini, za makala amene ndinawaikira, za mmene ndinatsekera mipata yonse kuti mphepo isawapeze. Ndinangosiya galu, zala zija, ndi mawu a a Bwanali. Anthu anamva nkhani ya mkamwini wachifundo.

Mwambo wathu, ine ndi apongozi aakazi tinkaopana. Tikakumana panjira wina ankapatuka, ndipo tinali tisanalankhulanepo maso ndi maso. Maliro atatha anandiitanitsa, anachotsa nsalu kumaso, n'kunena kuti kuyambira tsikulo sindine mkamwini koma mwana wawo, popeza ndinafunditsa amuna awo pamene ana awo owabala anali kutali. Anandipatsa jekete la malemuwo. Ndinalilandira ndi manja awiri, nditaweramitsa mutu, anthu n'kumati ndi chisoni. Kuyambira pamenepo, paliponse pamene akhala, mayiwo ankasimba za makala anga.

Panapita zaka zitatu. Ndinamanga nyumba ya njerwa, yamalata, yamawindo agalasi, yoyamba m'mudzimo. Tinali ndi mwana wamkazi, Lusiya, wa zaka ziwiri, wolongolola ngati mayi ake, woti ankatchula kale dzina la munthu aliyense wodutsa pabwalo. Mu Juni wina ndinachoka m'mawa kupita kumsika wa ku Milonde, mwanayo ali ndi chifuwa. Pobwera masana ndinapeza Esinati akusinja panja. Chitseko cha nyumba chinali chotseka, mawindo otseka, ndipo pansi pa chitseko anali atatsekapo ndi chiguduli.

"Mwana ali kuti?"

"Wagona kuchipinda. Ndamuikira makala paphale kuti afundidwe."

Ndinagwetsa njinga, ndinakankha chitseko ndi phewa, ndinathamangira kuchipinda. Lusiya anali lefuu pamkeka, maso ali pakati, atasanza. Ndinamunyamula n'kutuluka naye, ndinamugoneka pabwalo, ndinamukupiza ndi lichero. Ndinkakalipira mkazi wanga mawu amene sindingawalembe pano. Ndinamufunsa kuti anamuphunzitsa zauchitsiru zimenezi ndani.

Esinati anandiyang'ana modabwa.

"Si inu nomwe, abambo a Lusiya? Si mmene munawasamalira bambo anga kuphiri? Mayi amatiuza tonse kuti wodwala tizimutero."

Inu owerenga, ndinamva ngati nthaka yandithawa. Zaka zitatu ndinkaganiza kuti bodza langa lagona m'manda pamodzi ndi apongozi. Sindinadziwe kuti likuyenda m'mudzi ngati mankhwala, amayi akuphunzitsana. Ndi ana angati anagonekedwa choncho chifukwa cha ine, sindidziwa. Anawapulumutsa ndi madenga audzu. Wanga yekha ndiye anali m'nyumba yotseka bwino.

Mwanayo anatsitsimuka tili panjira yopita kuchipatala. Pobwerera ndinamuuza Esinati zonse, za galu, za mfundo zitatu, za zala. Sanalire, sanandinyoze. Anayenda mtunda wautali mwana ali kumsana. Tili pafupi kufika anati za bambo ake angathe kundikhululukira, popeza sindinkadziwa, koma za Lusiya ndinkadziwa. Kenaka anandiuza kuti ndikawauze ndekha mayi ake, ndi mudzi wonse.

Ndinapita, ndinanena, jekete lija ndili nalo m'manja. Apongozi aakazi anamvetsera mpaka kumapeto. Anakoka nsalu n'kuphimba nkhope yawo, ndipo sanaichotsenso pamaso panga mpaka tsiku limene anamwalira.

Tsono inu amene mumakwera mapiri, inu alenje, inu ogona kudimba ndi kunkhalango, ndikupemphani. Mukasankha kugona m'tenti, moto ukhale panja, ngakhale chisanu chikhale chotani. Fundani mabulangete, gonani moyandikana, koma makala asalowe. Musakwirire mipata yonse, ndipo musamangire munthu chitseko inu muli panja. Mukapatsidwa chinthu chachilendo, funsani amene anachigwiritsapo ntchito musanagonekemo munthu. M'nyumba zamalatazi chimodzimodzi, makala ndi chitseko chotseka siziyenderana. Ndipo mukalakwitsa chinthu choti chingaphenso munthu wina, nenani tsiku lomwelo, manyazi aphe inu.

Esinati sanandisiye. Lusiya anakhala ndi moyo, koma mayina onse aja amene ankawadziwa anapita tsiku limenelo, ndipo anabwerako ochepa. Kusukulu analephera, banja sanalipeze. Ndi mayi wamkulu tsopano, wa imvi, ndipo amakhala nafe. Ndikamafika pakhomo amandithamangira, amandilandira katundu, n'kumandisekerera. Mayi ake anayesapo kumufotokozera chimene ndinamuchita, koma iye satha kumvetsa.