Maliro opanda mtembo ku Girrawheen

Sendezani mipando kufupi, inu a ku Rockingham, a ku Fremantle ndi anzanga a kuno ku Girrawheen. Mafoni muwavundikire kaye. Sabata ino ndakutengerani nkhani ya maliro, ndipo wochititsa manyazi m'nkhaniyi ndine.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala Mayi Safiya, nkhalamba inzanga ya ku Yemen. Iwo Chingerezi sadziwa, changa chimathera pa "sole" ndi "thenkyu". Komabe chaka chino n'chachiwiri tikucheza poyanika zovala. Iwo amaloza bondo, ine ndimaloza msana, tonse n'kupukusa mitu. Miseche yonse ya mumsewu uno tinaimaliza ndi manja okha.

Lachiwiri m'mawa ndinaona magalimoto atandanda pakhomo pawo, nsapato zitadzaza pakhonde, amayi ovala zakuda akulowa mwakachetechete. Munthu wa ku Dedza sachita kuuzidwa kuti apa pagwa zovuta, ndipo kwathu maliro saitanira. Ndinamanga chitenje, duku kumutu, paketi ya shuga m'khwapa. Nditafika pageti ndinachita zimene amayi anga anandiphunzitsa. Ndinayamba kulira. Osati kulira kwa kuno kopukuta diso limodzi ndi kapepala ayi. Kulira kwenikweni, manja kumutu, koti wa kutsidya kwa dambo asiye khasu.

Galu wa mzungu woyang'anana nafe anandithandiza. Mwini wake anatuluka foni ili kukhutu, kuyesa ndathyoka mwendo. Amuna a ku Yemen anasuzumira atatong'ola maso. Mpongozi wanga, make Tadala, anathamanga wopanda nsapato, akupepesa aliyense m'Chingerezi uku akundinong'oneza kuti kuno sachita choncho, apolisi abwera.

Koma Mayi Safiya anatuluka, n'kundigwira dzanja, n'kukandikhazika pambali pawo pakapeti. Iwo sanafune womasulira.

Nditakhala ndinayamba kufufuza ndi maso kuti mtembo uli chipinda chiti. Munalibe mtembo. Panali foni basi, yotsamira kapu, ikuonetsa kamtsikana kogweluka mano akutsogolo. Mpongozi wawo, yemwe ndi namwino, anafotokozera wanga, wanga n'kufotokozera ine. Mwanayo anali Huda, mdzukulu wa mng'ono wawo wa Mayi Safiya. Kwawo ku Yemen anapita kuphiri kukadyetsa mbuzi, n'kutola kachitsulo kooneka ngati kachitini. Kanali kabomba kamene ndege inagwetsa iye akadali kumsana. Kanagona m'miyala zaka zonsezo kudikira kuti mwana akule.

Kwathu munthu akafa imfa yotere timafunsa kuti wamudya ndani. Ndinafunsa. Namwino uja anaseka kuseka kowawa. Anati ndege inali ya anansi awo olemera ndi mafuta, bomba linapangidwa kutsidya kwa nyanja, oyendetsa ndegeyo anaphunzitsidwa ndi enanso. A mbali inayo ya nkhondoyi nawo ali ndi owapatsa zida, ndipo amakwirira mabomba awo m'minda. Anati kwawo kuli ana amene sanaonepo mzungu, koma zitsulo zake amazidziwa.

Apa m'pamene ndinadziwa kuti ufiti sunatsale ku Dedza.

Mfiti mumaidziwa? Pamaliro imafika koyamba. Imalira kuposa mwini mwana, ndipo ufa wachipepeso imabweretsa dengu lodzaza. Maiko akuluakuluwa ndi momwemo. Lolemba agulitsa bomba, Lachisanu atumiza matumba a tirigu olembedwa dzina lawo mbali zonse, kenako n'kudzijambulitsa. Bola mfiti yathu ili ndi manyazi, imauluka anthu asakuiona. Iyi imavala tayi, imakwera ndege masana, pabwalo n'kuilandira ndi maluwa.

Ndinabwerera kunyumba nditafufuma ndi chilungamo ngati mlaliki wa m'basi. Mwana wanga, bambo a Tadala, atabwera kuntchito ndinamuuza kuti asambe akapepese kwa amuna. Iye amawotcherera zitsulo pafakitale ina chakufupi ndi Kwinana. Anati watopa. Lachitatu anati mutu. Mwana yemwe kumudzi ankathawa kusukulu kukathandiza adzukulu kukumba manda? Ndinamutsekera njira kukhitchini.

"Iwe, wosapita pamaliro a anzake amaikidwa ndi agalu. Chavuta n'chiyani?"

"Amayi, zina zimene timapanga kuntchito zimapita kwa asilikali."

"Asilikali akuti?"

"Sitiuzidwa. Ine amandipatsa pepala, ndimawotcherera, katundu amakwera sitima. Mwina kumeneko sanafikeko n'komwe."

"Mwina?"

"Mwina, amayi."

Anati si mabomba, ndi tizitsulo chabe togwiriziza zinthu zina. Anati akasiya lero, mawa alemba wina, tizitsulo tidzapitabe. Kenako anandikumbutsa mwaulemu wonse kuti mankhwala anga a bondo, ndege imene inandibweretsa kuno, ndi malata a panyumba ya mlongo wake ku Dedza, zonse zinatuluka m'moto womwewo.

Ndinakhala pansi. Ulaliki wonse uja unathawira pawindo. Ine ndinalira mpaka galu kundiyankha, koma shuga wachipepeso uja anagula ndani?

Musandiyang'ane choncho. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ankanena za kuthandizana, koma kupha nakonso kumafuna kuthandizana. Bomba limodzi limadutsa m'zala zambiri, ndipo chala chilichonse chimalumbira kuti chinangokhudzako. Wojambula pepala alibe mlandu. Wowotcherera alibe mlandu. Woyendetsa sitima alibe mlandu, wosaina nayenso anangosaina. Ndiye kuti Huda anadzipha yekha? Ifenso a kuno, tikapeza ntchito timaitana abusa adzaidalitse, tiphe nkhuku, tivine. Ndani wa ife anafunsapo kuti katunduyo akatuluka pageti amalowera kuti? Timafunsa za malipiro ndi maola owonjezera basi.

Ndinamuuza mwana wanga kuti za ntchito akambirane ndi Mulungu wake, ine za mapepala sindizidziwa. Koma pamaliro apita, ngakhale ndimukoke khutu pamaso pa ana ake. Anafunsa kuti akakamufunsa za ntchito akayankha chiyani. Ndinati akanene zoona, sindinabereke wabodza.

Lachinayi, tsiku lomaliza la chipepeso chawo, anapita. Anamukhazika pamalo abwino, n'kumupatsa khofi wowawa m'kakapu kosakwana n'komwe kumeza kawiri. Funso linabweradi. Anayankha kuti amawotcherera zitsulo ku Kwinana, n'kuthera pomwepo. Zoona ananena, koma theka. Mwana wamkulu wa Mayi Safiya nkhope inawala. Anati mng'ono wake anaphunzira ntchito yomweyo, wakhala miyezi osapeza pogwira, ndipo abale kwawo akudya kamodzi patsiku kudikira iye. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi envulopu ya mapepala ofunsira ntchito. Anaipereka ndi manja awiri.

"M'bale wanga, ukamulankhulireko kwa abwana ako. Mulungu ndiye wakutuma kuno."

Tsono mumve kumene aliyense ali lero. Huda anaikidwa tsiku lomwe anafa, dzuwa lisanalowe, ndipo akuti mbuzi zinabwerera zokha kukhola, palibe inasowa. Make Tadala wandiletsa kupita pamaliro alionse popanda iye. Mayi Safiya sindinawauze kanthu, manja anga alibe mawu a nkhani imeneyi. Mnyamata wofuna ntchito uja amatipatsa moni kawiri patsiku, maso ali pagalimoto yathu. Mwana wanga akulawirabe ku Kwinana m'mawa uliwonse. Envulopu ili pansi pa mpando wa galimoto. Sanaipereke, sanaitaye.

Inu mukanakhala iye, mukanaipereka?